Theka la Njinga

"Ibwezere pomwe waitenga."

Mzime anaima pakhomo la pabalaza, njinga ija ili m'khwapa. Anali atayesetsa kuyenda monyang'ama, koma pedulo inagunda chitseko n'kumuulula. Bambo ake sanatembenuke n'komwe. Anali pampando wawo wa pawindo, juzi ya akazi awo ili pamiyendo, maso ali kunja kumene kunalibe choti munthu n'kuyang'ana.

"Ababa, ndingokaiika m'galimoto. Mukamaiona mtima ukumakuwawani."

"Mtimawo ndi wanga. Ibwezere."

Mlongo wake wamkulu, amene pakhomopo aliyense ankangomutcha Nesi chifukwa cha ntchito yake ya kuchipatala, anamva zonsezi ali kukhitchini. Anamva Mzime akuusa moyo, kenako tayala likukhuza pansi mukolido, kenako chishalo chikugunda khoma pamalo pake pa masiku onse.

Njinga yake inali ya tayala limodzi. Tayala, mapedulo awiri, chishalo pamwamba, basi. Handulo panalibe, tcheni panalibe, buleki osanena. Pabanjapo ankaitcha Theka, dzina limene bambowo anaipatsa tsiku lomwe inalowa m'nyumba, ataizungulira n'kufunsa akazi awo kuti, "Nanga theka linalo akutumizirani liti?"

Mwini wake wa Theka anali mayi wa ana awiriwa, amene anali ataikidwa m'manda sabata yomweyo. Mayi wa pakauntala ya ku positi ofesi, wamfupi, wojintcha pang'ono, wa magalasi a chingwe, munthu woti ukamuona akudinda makalata sungamuganizire zachibwana. Koma atangopitirira zaka makumi asanu, tsiku lina anaona pawindo la ofesi munthu akudutsa pa tayala limodzi manja ali m'thumba, ndipo mutu wawo unaima pomwepo. Sanafunse nzeru kwa aliyense. Mwezi usanathe chinthucho chinali mukolido, ndipo makoma onse awiri anada ndi zikhatho. Koma anagwa mayi amenewa, abale! Miyendo inachita zipsera ngati ya mwana wa sukulu. Mzime, amene nthawi imeneyo anali atangoyamba ntchito ya tayi ku banki, ankachita manyazi mpaka anasiya kubwera ndi anzake kunyumba. Mayi ake ankangomuseka. "Mako ndi mako, iwe, ngakhale akwere theka la njinga."

Kolido itachepa, anasamukira pabwalo loimikapo magalimoto kuseri kwa sitolo yaikulu, m'mamawa magalimoto asanabwere. Kumeneko kunalibe khoma logwira, ndiye mwamuna wawo anasanduka khoma. A Mawotchi, monga ankadziwikira mumsewu monsemo chifukwa cha kashopu kawo kokonzeramo mawotchi, ankapinda mkono, mayi n'kugwira, n'kumazungulira bwalolo, wina pansi wina m'mwamba. Zinayenda choncho m'mawa uliwonse kwa zaka zingapo, ndipo a Mawotchi ankanyadira osati pang'ono. "Mayi anuwa khama ali nalo, koma mutu wa njinga alibe," ankatero akumwa tiyi. "Ndikangochotsa mkono, pansi khu!" Mayiwo ankangopaka batala pabuledi osayankha.

M'mawa wa tsiku loipalo kunali kamvula kowaza, ndipo a Mawotchi anakoka bulangete n'kunena kuti lero ayi, mawa. Mayi anangoti chabwino, gonani, n'kupita okha. Ogwira ntchito m'sitolo ija pobwera kudzatsegula anawapeza atagona pafupi ndi mpanda, Theka ili pambali. Kuchipatala ananena momveka bwino kuti mtsempha wa magazi unaphulika m'mutu, ndipo zikanawapeza paliponse, ngakhale pakauntala pomwe. Chipewa cholimba chimene anavala chinalibe ndi pokalika pomwe. Nesi anawafotokozera bambo ake zimenezi mobwerezabwereza, m'mawu a kuchipatala ndi m'mawu a panyumba. Iwo ankamvetsera mpaka amalize, n'kuyankha chimodzimodzi: "Anagwa chifukwa ine kunalibe."

Kuyambira tsikulo sanamwenso mankhwala awo a mtima ndi a shuga. Chakudya ankangochilawa kuti asanyoze wophika. Sankakalipa, sankalira, ankangokhala. Nesi, amene anali ataonapo odwala ambiri akufa chonchi ali phee pabedi, ankadziwa kumene njira imeneyi imathera, ndipo ankachita mantha.

Mzime analowa kukhitchini n'kutseka chitseko.

"Achemwali, Lamlungu ndikuwatenga. Kwathu chipinda chilipo, mlamu wanu wavomera. Muno chilichonse chikuwakumbutsa."

"Ukawatenga akakachita chiyani? Nyumba ya m'mwamba ija, yopanda ndi poponda pomwe?"

"Akapuma. Akakhala."

"Kukhalako n'kumene kungawaphe."

"Nanga muno akuchita chiyani, akuvina?" Mzime anatenga kambale ka mankhwala kamene kanabwerera kuchokera pabalaza kali chodzaza, n'kukagwedeza pamaso pa mlongo wake. "Tisanamizane. Anthu akuluakulu awiri anayamba masewera a ana, ndipo masewerawo athera pamene athera. Ababa akudziwa zimene akunena. Akanadzuka tsiku lija..."

"Tseka pakamwa pako, iwe!"

Mzime anatsekadi. Sanali mwana woipa, tinene zoona. Pali anthu ena amene chisoni chikawagwira amayamba kulamula ndi kusuntha mipando, ndipo iye anali mmodzi wa amenewo. Anaika kambale kaja pansi, n'kutuluka kukatsuka galimoto yoyerayera kale.

Nesi anatsala akuyang'ana madzi akusefukira m'poto. Panali chinthu chimene iye yekha ankachidziwa m'nyumbamo, ndipo chinkamutentha pachifuwa ngati tiyi womeza mofulumira.

Loweruka lina masana, chaka chapitacho, anakwera basi kupita kukaona mnzake kumapeto kwa mzinda. Msewu wa kumeneko umayenda m'mbali mwa ngalande yaikulu ya madzi, ndipo m'mphepete mwa ngalandeyo muli kanjira kafumbi ka zitunda ndi maenje. M'kanjirako anaona anthu angapo atandondozana, aliyense pa tayala limodzi, akuluakulu okhaokha, ena a imvi. Anzake m'basimo anayamba kuseka n'kumaloza. Nesi sanaseke, chifukwa patsogolo pa onsewo, msana uli chilili, akusenda lalanje ndi manja onse awiri, panali mayi ake. Anawaona akutsetsereka chitunda, akukhota, kenako akupalasa chobwerera m'mbuyo kuti akalipire bambo wina wamkulu thupi amene ankayang'ana pansi m'malo moyang'ana kutsogolo. Mayi omwe aja a pansi khu!

Anatsika pa siteji yotsatira n'kuwadikira. Mayiwo atamuona sanachite ndi manyazi omwe.

"Wandigwira," anatero, n'kumupatsa mbali ina ya lalanje.

"Amayi, mwayamba liti zimenezi?"

"Kalekale. Miyezi yoyamba ija ndinkawafunadi bambo ako. Pambuyo pake ayi."

"Ndiye m'mawa uliwonse muja mumachita chiyani?"

Mayi ake anamukokera pambali, anzawo aja asamve. "Iwe ndiwe nesi. Dokotala atawauza bambo ako kuti aziyenda, ukukumbuka anayankha chiyani? 'Ndiyende kupita kuti? Munthu amayenda akakhala ndi kopita.' Ndinanyengerera, ndinakalipa, ndinalira, osatheka. Kuchoka pampando wa kushopu, kufika pampando wa pawindo. Koma tsiku limene ndinati ndigwireni ndingagwe, anadzuka okha n'kufunafuna nsapato. Chimimba chija chili kuti lero? Kupuma kwa befu kuja kuli kuti?"

"Koma mukuwanamiza."

"Kwambiri. Ndipo iwe ukawauza, mawa lomwe abwerera pampando, tiwaika chaka chisanathe. Lumbira kuti sudzawauza."

"Muziwanamiza mpaka liti?"

"Mpaka akalambe. Ine ndikufuna nkhalamba m'nyumba mwanga, osati chithunzi pakhoma. Lumbira."

Nesi analumbira, madzi a lalanje akuyenderera m'zala, ndipo anaseka njira yonse yopita kwa mnzake uja.

Tsopano panalibe choseketsa. Akaulula, aphwanya lumbiro kwa munthu woti sangamupepesenso, komanso awalanda bambo ake chinthu chimodzi chimene ankayenda nacho monyang'wa, chakuti mkazi wawo popanda iwo sakanayenda. Akakhala chete, bambowo adzimaliza pang'onopang'ono ndi mlandu umene sanapalamule. Nesi anagwira njakata. Anazimitsa moto, n'kuuyatsanso, osadziwa kuti amafuna kuphika chiyani.

Masana a tsiku lotsatira kunabwera mlendo. Nesi atatsegula chitseko anamuzindikira nthawi yomweyo: anali bambo wamkulu thupi uja wa kungalande, lero atavala jekete yakuda imene inkamuthina m'mapewa. Anati ndi dokotala wa mano, ndipo anatumidwa ndi anzake okwera nawo kudzapepesa.

"Amayi anu ndi amene anatiphunzitsa tonsefe," anatero chapansipansi. "Ine ndinabwera ndikukakamira mpanda ngati buluzi. Anandiyendetsa ndi dzanja lawo mpaka..."

"Chonde," Nesi anamudula. "Ababa sakudziwa. Iwo amadziwa kuti Amayi sankatha kuyenda okha."

Dokotalayo anayasama. Anayang'ana Theka ili mukolido, n'kuyang'ananso Nesi, koma asanafunse kanthu mawu anamveka kuchokera pabalaza akuti mlendo alowe, asaime pakhomo ngati wogulitsa malonda.

Anakhala pampando wa nsalu umene unalira polandira thupi lake. Anapepesa mwaulemu, a Mawotchi anathokoza, tiyi anabwera.

"Munkadziwana nawo bwanji mayi a kunyumba kuno?"

"Nanenso ndimayesako kanjinga kameneka, bambo."

Kwa nthawi yoyamba chichitikireni maliro, a Mawotchi anatembenuza thupi lonse n'kumuyang'ana munthu kumaso. "Inu? Ndi thupi limenelo? Mumatha?"

"Pang'ono."

"Muli naye wokugwirani?"

"Ndinali naye."

"Mupeze wina. Ndikukupemphani, musamapite nokha. Chinthu chimenechi n'choipa mtima, chimadikira tsiku limene uli wekha. Mkazi wanga ndinamugwira zaka zonsezi, mvula, dzuwa, chisanu. Ndinangomusiya tsiku limodzi lokha, chifukwa cha bulangete. Bulangete, adokotala! Munthu n'kutaya mkazi chifukwa cha kufunda."

Dokotalayo anaika kapu yake patebulo. Anayang'ana Nesi. Nesi anayang'ana pansi. Mlendoyo anakhalako pang'ono, akulankhula za mano a a Mawotchi ngakhale panalibe amene anamufunsa, kenako anatsanzika.

Pageti anaima n'kupukuta thukuta pakhosi. "Mundikhululukire, mayi, koma ine sindibweranso kuno. Sindingathe kuwayang'ana. Zapakhomo panu sindizidziwa, koma bambo aja akuzunzika ndi chinthu chimene sichinachitike." Anapita akutsimphina pang'ono, ngati anthu onse a masewera amenewa.

Nesi anabwerera m'nyumba n'kupeza tiyi wa bambo ake atazizira osakhudzidwa. Anaona akakolo awo atayamba kutupa pamwamba pa masilipasi. Pamenepo mtima wake unasankha wokha. Anaitana Mzime kuti abwere amve nawo, anakoka kampando n'kukhala pafupi ndi maondo a bambo ake, n'kunena zonse: basi, ngalande, lalanje, kupalasa chobwerera m'mbuyo. Ananena kuti mlendo wangotulukayu anaphunzitsidwa ndi mayi ake.

A Mawotchi anamvetsera mpaka amalize, monga mwa masiku onse.

"Ukundinamiza kuti ndidye," anatero mofatsa. "Kuntchito kwanu mumatero, ndikudziwa. Ndiwe mwana wabwino."

"Sindikunama, Ababa."

"Ine ndinkaona ndi maso anga akugwa."

"Ankagwa dala."

Bambowo anayang'ana cha kukolido. Kenako anauza Mzime kuti, "Bweretsa kuno Theka. Ubweretsenso kagalasi kanga, kali m'thumba la jekete."

Anayala nsalu patebulo lodyera monga ankachitira ndi wotchi yaikulu ya pakhoma, n'kuigoneka njingayo pamenepo. Chinthu ichi anali asanachigwirepo ndi manja a ntchito. Kupopa, kuthira mafuta, kumanga mabawuti, zonse mayi ankachita okha, ati inu zanu ndi mawotchi. Anapanikiza kagalasi padiso n'kuwerama. Anayendetsa chala pa tayala, n'kulizungulitsa pang'onopang'ono. Anakanda kunsi kwa chishalo ndi chikhadabo, ndipo panagwa timatope touma tofiira. Pakati pa masipoko anasololapo njere za udzu ndi kaminga kothyoka, n'kuziika pansalu mondandalika bwino.

"Pabwalo pathu paja ndi phula lokhalokha," anatero osauza munthu. Anayang'ananso tayala. "Ili si tayala limene inabwera nalo. Ndipo nalonso latha, mpaka m'mbali." Anazungulitsa pedulo n'kumvetsera kulira kwake khutu lili pafupi. "Chinthu ichi chayenda. Chayenda kutali kwambiri."

Anachotsa kagalasi kaja. Diso linali lofiira pozungulira.

"Ndiye ine ndinali chiyani? Chidole?"

"Ayi, Ababa. Ankafuna kuti muziyenda. Dokotala wa kuchipatala atanena za mtima wanu..."

"Ndinkadzitama pamaso pa anthu, ine. Kushopu ndinkauza makasitomala kuti mkazi wanga popanda ine sayenda. Iye ali phee, akupaka batala. Ndipo achikulire anzake a kungalandewo akundiseka."

"Palibe amene ankakusekani. Sankadziwa n'komwe."

"Iwe unkadziwa."

Bambo ake anapinda nsalu ija pamodzi ndi timatope ndi njere zomwe, n'kupita nayo kuchipinda. Chitseko anachitseka bwinobwino, osachimenyetsa, ndipo kutseka kotereku kunamupweteka Nesi kuposa akanachimenyetsa.

"Mwachita chiyani, achemwali?" Mzime anafunsa. Nkhope yake inali ya mwana, osati ya munthu wa ku banki. "Mwawalanda ndi kochepa komwe anatsala nako."

"Kaya," anatero Nesi. "Kaya, mwana wa mayi anga." Anapita kukhitchini n'kutsegula mpope kuti kulira kwake kusamveke. Chakudya chamadzulo chinabwerera chili chivundikirire.

M'mawa kusanayere bwino, Nesi anamva chitseko chakunja chikutsekeka. Anadzambatuka. Pamalo pa nsapato zoyendera za bambo ake panali masilipasi. Theka inali patebulo pomwe inasiyidwa. Anavala msangamsanga, anakokolola mankhwala a m'kambale n'kuwaika m'thumba la juzi, n'kutuluka akuthamanga, mtima uli m'mwamba.

Anawapeza pabwalo la kuseri kwa sitolo. Kunali zii, kupatula lole imodzi yotsitsa katundu chapatali ndi mbalame zotola nyenyeswa pafupi ndi mabini. Matilole ogulira zinthu anali omangidwa ndi unyolo m'kashedi kawo. A Mawotchi ankayenda m'mbali mwa mizere yoyera, manja ali kumbuyo. Nesi anawapeza n'kuyamba kuyenda pambali pawo. Sanamuthamangitse.

"Bodza ndi bodza," anatero atayenda kanthawi, "ngakhale ulithire shuga."

"Inde, Ababa."

"Akanandiuza."

"Mukanabwera?"

Bambowo anangokhosomola. Anapitirira mabini, anakhota pa mtengo wa magetsi. Koma munthu wosadya masiku angapo alibe mphamvu, ndipo asanamalize ndi kuzungulira komwe, mpweya unayamba kuwathawa. Anaima pafupi ndi kakhoma kakafupi kotchinga maluwa, chifuwa chikukwera n'kutsika. Anayang'ana kakhomako, anayang'ana kumene anachokera, kenako anakweza nsidze.

"Taona," anatero. "Masiku oyamba aja ankagwera apa. Apa penipeni. Akatero amvekere bondo langa, tiyeni tikhale kaye. Tinkakhala pakakhoma aka, iye akusisita bondo." Analoza ndi chibwano. "Patapita miyezi anayamba kugwera uko, pa sitepe ya chitseko cha katundu. Kenako pa benchi ya alonda. Chaka chino ankagwa titazungulira kangapo, ndipo ine ndinkati mayi uyu wayamba kuphunzira." Anapumira m'mwamba. "Sanagwerepo pakati pa bwalo, iwe. Ngakhale tsiku limodzi. Nthawi zonse ankagwera pamene pali pokhala."

Anakhala pakakhomapo. Nesi anakhala pambali pawo.

"Koma ankadziwa bwanji?" bambowo anapitiriza, ngati akukangana ndi wotchi yovuta. "Ine sindinkanena kuti ndatopa. Ndinkabisa. Mwamuna sangamapume ngati galu pamaso pa mkazi amene akumuthandiza. Ndinkatseka pakamwa n'kumapumira m'mphuno, ndipo iye maso ali kutsogolo, osandiyang'ana n'komwe. Koma ndikangomva kuti apa basi, chifuwa chathina, iye uyo wagwa."

"Ankakudziwani, Ababa."

"Ndiponso kugwira kwake kunali kwa munthu wosamva. Ndinkamuuza kuti gwira mkono bwinobwino, apa pali nyamapa, munthu sagwira choncho. Osatheka. Iye zake zinali izi." Anatenga dzanja la Nesi, anapinda mkono wawo, n'kuika zala ziwiri za Nesiyo kunsi kwa dzanja lawo, pamene lamba wa wotchi amamangira, chala chachikulu chili pamwamba. "Chonchi. Zaka zonsezi, chonchi. Ungatsamire munthu ndi tizala tiwiri?"

Nesi anayang'ana zala zake pamene zinaikidwapo. Pansi pake mtsempha wa bambo ake unkagunda mofulumira, mosalongosoka. Anakumbuka tsiku limene bambowa anatuluka m'chipatala koyamba, mayi ake atamukokera kukhitchini kuti awaphunzitse kamvedwe ka kugunda kwa mtima, ndi kuti kukafika pati munthu azipuma. Anawaphunzitsa pa dzanja lake lomwe, n'kuiwala.

"Ababa," anatero Nesi, "sankatsamira. Apa ndi pamene timamvera mtima."

A Mawotchi anayang'ana dzanja lawo ngati si lawo. Kenako anaseka, kuseka kwa misozi kumene kunathamangitsa mbalame zija pa mabini.

"Tambwali! Mayi ameneyu anali tambwali! Ali pamwamba pa tayala limodzi, akunamizira kudzandira, uku akundiyeza ngati wodwala wa pa wodi!" Anapukuta nkhope ndi mkono wa malaya, koma misozi sinasiye. Analira bwinobwino tsopano, kulira kumene sanalire kumanda, ndipo Nesi anawasiya alire.

Atatha, anafunsa ndi mawu aang'ono, "Ndiye sindinamuphe?"

"Simunawaphe, Ababa. Pabwalo ngati ili akanayenda atatsinzina."

"Koma ndikanakhalapo. Akanagwera m'manja mwanga."

"Zimenezo n'zoona," anatero Nesi. Sanafune kuwanamizanso ngakhale pang'ono.

Bambowo anagwedeza mutu. Chisoni chimenechi chinali chawo, ndipo anachilandira. Lole ija inaliza injini n'kutuluka pageti, ndipo mayi wina wa yunifomu anayamba kumasula unyolo wa matilole.

"Timankhwala tija tili kunyumba?"

Nesi anapisa m'thumba la juzi n'kutambasula chikhatho. Bambo ake anamuyang'ana cham'mbali, n'kupukusa mutu. "Mwana wa mayi ake," anatero, n'kutimeza popanda madzi, nkhope itakwinyika. "Mchimwene wako umuuze kuti chipinda chake asungiremo masutikesi. Ine m'mawa ndili ndi kopita."

Anayang'ana bwalo lonse mpaka kumpanda, ngati akuyeza kutalika kwake. Anafuna kunyamuka, koma anabwerera pansi. Anapinda malaya pang'ono, n'kutambasulira mwana wawo dzanja, kunsi kwake kuli m'mwamba.

"Tamvera. Tinyamuke, kapena tikhale kaye?"

Nesi anaika zala ziwiri pamalo paja n'kudikira.

"Tikhale kaye, Ababa."

Anakhala.